Mapiritsi a khunyu akachuluka m'thupi: zizindikiro zimene zimatinamiza ndi zimene amachita ku casualty

Munthu amene mankhwala a khunyu amuchulukira m'thupi amaoneka ngati wamwa mowa. Amayenda modzandira, lilime limamulemera, maso amangofuna kutsinzina, ndipo ukamufunsa za kum'mawa amakuyankha za kumadzulo. Nthawi zina amagwa n'kuyamba kuphupha, ndendende mmene amachitira matenda ake akamubwerera. Ngozi yaikulu yagona pa kufanana kumeneku. Amene akuganiza kuti ndi mowa amati, "Asiyeni achimwene agone, m'mawa adzuka bwino." Amene akuganiza kuti ndi khunyu amathamangira kachikwama ka mapiritsi n'kumuwonjezera ena. Onsewa amatero chifukwa chomukonda, koma onse akumuchedwetsa kufika kumalo okhawo amene angapulumukire.

Bungwe la WHO limati padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni amene ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limatinso anthu ofika mpaka 70 mwa 100 angathe kukhala osagwa atalandira thandizo loyenera. Mankhwalawa ndi abwino, ndipo m'nkhani ino mulibe mawu ouza munthu kuti awasiye. Chovuta chake n'chakuti pa ambiri mwa mankhwalawa, mlingo wochiza ndi mlingo wopweteka zimayandikana kwambiri.

Ife a ku Malawi okhala kuno ku Joni tili ndi zifukwa zathuzathu zimene zimatiyandikitsa ku ngoziyi. Ambiri timagawana chipinda ku Mayfair, Rosettenville, Yeoville kapena Diepsloot, ndipo mankhwala amakhala pazenera kapena m'chikwama chapansi pa bedi, pomwe mwana wongoyamba kuyenda amafika mosavuta. Ena amatumiziridwa mapiritsi kuchokera kumudzi kudzera mwa matransipota, ali m'timapepala tapulasitiki tomwe inki yake inafufutika m'njira. Kenaka munthu yemweyo akapita ku kiliniki kuno amapatsidwa mankhwala omwewo koma a dzina lina, mtundu wina ndi kukula kwina. Pakapepala ka kumudzi panalembedwa carbamazepine, pabokosi la kuno palembedwa Tegretol, iye n'kumamwa zonse ziwiri poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. Pamwamba pa izi pali kubisa. Munthu sauza abwana, eni nyumba ngakhale mnzake wogona naye chipinda chimodzi kuti ali ndi matenda akugwa, poopa kuchotsedwa ntchito kapena kusalidwa ndi anthu amene amakhulupirirabe kuti khunyu imapatsirana m'malovu. Khunyu sipatsirana, koma manyazi amenewa amachititsa kuti tsiku limene munthu wakomoka pasapezeke wodziwa mankhwala amene amamwa.

Ubongo umagwira ntchito potumizirana timagetsi pakati pa maselo ake. Munthu amagwa khunyu pamene maselo ambiri atumiza timagetsi timeneti nthawi imodzi mosalamulirika. Mankhwala a khunyu amachepetsa changu chimenechi. Carbamazepine ndi phenytoin amatseka timipata tomwe mchere wa sodium umalowera m'maselo a ubongo. Phenobarbitone amalimbikitsa mphamvu yotonthoza ubongo yomwe thupi lili nayo kale. Valproate, amene ambiri timamudziwa ndi dzina lakuti Epilim, amagwira m'njira zingapo. Onsewa ndi mankhwala akale: phenobarbitone anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1912, phenytoin mu 1938, pamene carbamazepine ndi valproate anafala m'zaka za m'ma 1960. Akachuluka amatonthoza ngakhale mbali za ubongo zimene siziyenera kutonthola, monga yoyendetsa miyendo, yoyendetsa maso ndi yoyendetsa kupuma. Dziwaninso kuti mapiritsiwa amapezeka ngakhale m'nyumba zopanda wodwala khunyu, pakuti madokotala amaperekanso carbamazepine pa ululu wa mitsempha ya kumaso, ndipo carbamazepine ndi valproate amaperekedwa pa matenda ena amaganizo.

Sikuti aliyense wofika ku casualty ndi vutoli anamwa mapiritsi odzaza dzanja. Alipo amene amamwa dala chifukwa moyo wawalemera, alipo ana amene anangotola n'kutafuna, aliponso amene anaiwala masiku atatu n'kuganiza zobweza onse nthawi imodzi. Koma gulu limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la anthu amene sanaphonyepo malangizo a dokotala, koma mankhwala ena atsopano ndi amene awasokonezera. Chiwindi ndicho chimaphwanya carbamazepine ndi phenytoin, ndipo pali mankhwala amene amachichedwetsa pa ntchitoyi. Isoniazid, amene ali m'gulu la mankhwala a TB ndipo amaperekedwanso popewa TB kwa anthu amene ali ndi HIV, ndi mmodzi mwa iwo. Fluconazole nayenso amatero. Erythromycin, clarithromycin ndi ritonavir wa m'ma ARV ena amakweza carbamazepine m'magazi, ndipo cotrimoxazole, uja timati Bactrim, angathe kukweza phenytoin. Mumzinda ngati uno, momwe TB ndi HIV n'zofala, izi zimachitika kawirikawiri. Munthu wamwa mlingo wake womwewo kwa zaka, wayamba mankhwala atsopano sabata yatha, lero akuona zinthu ziwiriziwiri ndipo sangathe kuyenda mowongoka. Kusokonezanaku kumapitanso mbali ina: carbamazepine amachepetsa mphamvu ya dolutegravir wa m'ma ARV otchedwa TLD. N'chifukwa chake kubisira namwino wa ku kiliniki ya ma ARV kuti mumamwa mankhwala a khunyu kumakupwetekani pawiri.

Carbamazepine ndi amene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi amene amanamiza kwambiri. Mlingo wochiza m'magazi umakhala pakati pa mamiligalamu 4 ndi 12 pa lita imodzi. Ukapitirira pamenepo munthu amayamba chizungulire, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kudzandira. Ukafika cha m'ma 40, madokotala amayembekezera kukomoka kwenikweni, kupuma kofooka ndi kuphupha. Inde, mankhwala oletsa kuphupha amayambitsa kuphupha akachuluka, ndipo munthu amene ali kale ndi khunyu ndi amene zimamugwera msanga. Ena khosi ndi manja zimapotokola zokha, mboni za m'maso zimakula, mtima umathamanga, kukamwa kumauma ndipo mkodzo umakana kutuluka.

Tiyerekeze bambo wina wogwira ntchito ya m'munda wamaluwa, amene wamwa mapiritsi ochuluka cha m'ma 7 madzulo. Pofika 10 koloko akungosinza, ndipo akadzutsidwa akuyankha. Pakati pa usiku sakudzukanso. M'bandakucha watsegula maso, wapempha madzi, wazindikira mkazi wake. Mlamu wake akupumira m'mwamba, nati, "Alamu, mwatiopsatu. Basi zatha." Koma pofika masana bamboyo wakomokanso, kuposa poyamba paja. Chachitika n'chakuti carbamazepine sasungunuka msanga, ndiponso amachedwetsa matumbo. Mapiritsi amatha kuumbana m'mimba n'kukhala chibulumwa. Mankhwala amene analowa kale m'magazi akayamba kuchepa, munthu amatsitsimuka, matumbo nawonso amadzuka n'kuyamba kuyamwa otsala aja, ndiye munthu amabwereranso m'chikomokere. Mapiritsi olembedwa CR, amene anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, amachita zimenezi kwambiri, moti mlingo wa m'magazi ungathe kupitirira kukwera kwa masiku awiri kapena atatu. Palinso china. Chiwindi chikamaphwanya carbamazepine chimatulutsa mankhwala ena otchedwa epoxide, amene nawonso amapweteka ubongo koma saoneka pa kuyeza kwa masiku onse. Choncho nambala ya ku labu ingathe kuoneka yabwinoko pamene wodwalayo akadali pangozi. Dokotala wabwino amayang'ana wodwala ndi nambala pamodzi.

Mtima nawo suli kutali. Timipata ta sodium tija timapezekanso m'maselo a mtima, ndipo carbamazepine amafanana kapangidwe ndi mankhwala akale a matenda amaganizo monga amitriptyline, odziwika ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Izi sizigwera aliyense, koma zikachitika zimapha msanga.

Phenytoin, amene kuno amadziwikanso kuti Epanutin, ali ndi khalidwe lakelake. Chiwindi chimamuphwanya ngati mmene chigayo chimagayira chimanga: chili ndi malire a matumba amene chingagaye pa ola, ndipo chikafika pamalirewo, thumba lililonse lobwera pambuyo limangowunjikana pakhomo. Kwa anthu ambiri malirewo ali pafupi ndi mlingo wochiza womwewo, wa mamiligalamu 10 mpaka 20 pa lita. Choncho kuwonjezera pang'ono chabe patsiku kungathe kukweza mlingo wa m'magazi modabwitsa pakatha masiku angapo, ndipo ukakwera umachedwa kutsika. Zizindikiro zimabwera motsatizana. Mlingo ukapitirira 20, maso amayamba kugwedera munthu akayang'ana kumbali. Ukapitirira 30, amadzandira ndipo mawu amatuluka molemera. Ukapitirira 40, amangogona ndipo mutu umasokonezeka. Wakumwa phenytoin wa mapiritsi sakonda kudwala mtima, ngozi yake yaikulu ndi kugwa pamasitepe kapena m'bafa n'kuvulala mutu. Ngozi ya mtima imabwera pamene phenytoin wa m'diripi waperekedwa mothamanga, n'chifukwa chake malamulo achipatala amati asapitirire mamiligalamu 50 pa mphindi kwa munthu wamkulu, ndipo anamwino amayang'anira BP nthawi yonse imene diripiyo ikuyenda. Munthu wowonda ndi matenda, wodwala impso kapena chiwindi angathe kupwetekedwa ndi phenytoin ngakhale nambala ya ku labu ili pabwino, chifukwa magazi ake alibe zomanga thupi zokwanira zogwira mankhwalawo kuti asamayende okha.

Valproate amagonetsa, ndipo akachuluka kwambiri amagonetsa tulo tofa nato. Chake chapadera ndi ammonia, chinthu chapoizoni chimene thupi limapanga lokha. Mankhwalawa amasokoneza njira imene chiwindi chimachotsera ammonia m'thupi, ndipo ammonia akakwera amasokoneza mutu, nthawi zina mpaka ubongo kutupa. Izi zingachitike ngakhale kwa munthu amene mlingo wake uli pakati pa mamiligalamu 50 ndi 100 pa lita, pomwe ndi pochiza, ndiponso zoyeza za chiwindi zikuoneka bwino. Wodwala khunyu wakumwa Epilim amene wayamba kusokonezeka mutu, kusanza ndi kusinza popanda chifukwa ayenera kuyezedwa ammonia. Mapiritsi ake ambiri amakhala okutidwa kuti asasungunuke m'chifu, motero nawonso amachedwa kuonetsa mphamvu zawo zonse.

Phenobarbitone ndi amene ambiri tinakula tikumuona m'zipatala zazing'ono za kumudzi chifukwa ndi wotsika mtengo, ndipo ndi amene amabwera kwambiri m'timapepala tochokera kwathu. Akachuluka amachepetsa kupuma, amatsitsa BP ndipo thupi limazizira. Ena amatuluka matuza pamalo amene anagonera nthawi yaitali. Akakumana ndi mowa mphamvu zake zimawirikiza. Thupi limatenga masiku atatu mpaka asanu kuti lichotse theka lake lokha, choncho wodwala angathe kukhala chikomokere masiku ambiri, osagwedezeka ngakhale atatsinidwa, achibale n'kuyamba kunong'onezana za maliro ndi ndalama zonyamulira thupi kupita kumudzi. Koma munthu wotere, ngati anafika msanga ndipo ubongo wake sunasowe mpweya, angathe kudzuka ali bwinobwino. Mankhwala atsopano monga levetiracetam nthawi zambiri amangogonetsa, koma lamotrigine akachuluka amatha kuyambitsa kuphupha ndi kusokoneza mtima.

Tsono munthu wapezeka m'chipinda, pambali pake pali mapaketi opanda kanthu, kapena mwana wapezeka akutafuna mapiritsi a atate ake. Choyamba n'kuimba foni: 10177 ya ambulansi, kapena 112 pafoni yam'manja. Palinso nambala ya akatswiri a poizoni, 0861 555 777, imene imayankhidwa usana ndi usiku ndipo amathandiza anthu wamba ndi madokotala omwe. Musadikire kuti zizindikiro zioneke kaye, pakuti taona kale kuti mankhwalawa amachedwa. Ambulansi ikamachedwa ndipo galimoto lilipo, nyamukani, wina akhale naye kumbuyo.

Zimene tinazolowera kwathu, zomumwetsa mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi kapena madzi amchere kuti asanze, zisiyeni. Munthu wosinza sangathe kutseka njira ya mpweya bwinobwino, ndipo masanzi akalowa m'mapapo amabweretsa chibayo choopsa kuposa mapiritsi amene amafuna kuwatulutsa. Madzi amchere paokha amapha, makamaka ana. Makala apambaula osinja sathandizanso, si amene amaperekedwa kuchipatala. Mugonekeni chammbali, mwendo wapamwamba wopinda, chibwano chokwezedwa pang'ono kuti lilime lisatseke kukhosi ndipo masanzi azitsikira pansi. Mvetserani kapumidwe kake. Mkonono waukulu mwa munthu amene sakudzuka mukamugwedeza ndi chizindikiro chakuti njira ya mpweya ikutsekeka, musaunamizire kuti ndi tulo. Akayamba kuphupha, chotsani mbaula, ketulo ndi mipando pafupi, muikireni chovala pansi pa mutu, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Yang'anani nthawi pafoni, chifukwa kuphupha kopitirira mphindi 5 n'kofunika jakisoni. Ndipo musamupatse piritsi lina la khunyu.

Musanatuluke, tolani chilichonse: mabokosi, timapepala topanda dzina tija, mapiritsi ogwera pansi, ma ARV, Panado, mankhwala azitsamba, khadi la ku kiliniki, ngakhale kabuku ka kuchipatala ka ku Malawi ngati kalipo. Lembani papepala nthawi imene munamuona komaliza ali bwino ndi nthawi imene mukuganiza kuti anamwa. Pepala limeneli limalankhula pamene Chingerezi kapena Chizulu chakuthawani chifukwa cha mantha.

M'zipatala za boma kuno, kaya ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto, Charlotte Maxeke ku Parktown kapena Helen Joseph, odwala saonedwa motsata amene wafika poyamba. Namwino wa pakhomo amawaika m'magulu a mitundu. Wofiira amaonedwa nthawi yomweyo, wa orenji mkati mwa mphindi 10, wachikasu mkati mwa ola, wobiriwira mkati mwa maola 4. Munthu amene akuphupha panthawiyo amakhala wofiira, ndipo wakumwa mankhwala opyola mlingo amaikidwa pa orenji ngakhale akuyenda yekha. Apa ndi pamene kubisa kumapweteka. Mukanena kuti "akungomva chizungulire" chifukwa chochita manyazi, mungathe kukhala pabenchi maola ambiri pamene mapiritsi akusungunuka m'mimba. Nenani mosapita m'mbali kuti ndi overdose, tchulani dzina la mankhwala, onetsani mapaketi.

Mkati, ntchito yoyamba siikhudza n'komwe dzina la mankhwala. Amaona ngati njira ya mpweya ili yotseguka, ngati akupuma mokwanira, ndi mmene BP ndi mtima zilili. Amamubaya chala kuti aone shuga, chifukwa shuga wotsika amakomola ndi kuphuphitsa mofanana. Amamuika diripi, amamumata timawaya pachifuwa kuti ajambule kagundidwe ka mtima pa ECG. Ngati wakomoka kwambiri moti sangateteze mapapo ake, amamulowetsa chubu kukhosi n'kumuika pamakina opumira. Achibale ambiri akaona chubu chimenechi amataya mtima. Pa vuto ili, makinawo amangomupumira pamene thupi likuchotsa mankhwala, ndipo ndi amene amapulumutsa anthu ambiri kuposa mankhwala ena alionse.

Ngati wodwala ali maso, mudzaona dokotala akuimika chala patsogolo pake, nati atsatire ndi maso okha mutu usatembenuke. Chala chikapita kumanja, maso amatsatira, koma akafika kumapeto amayamba kubwerera pang'ono n'kudumphiranso komweko, kubwerera n'kudumphiranso, mofulumira, mwiniwake osadziwa. Kenaka amamuuza kuti akhudze mphuno yake ndi chala, n'kukhudzanso chala cha dokotala, ndipo dzanja limaphonya n'kukagwira tsaya. Amamuyendetsa chidendene kutsogolo kwa zala ngati angathe kuimirira. Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi ziwiri zokha, koma kumauza dokotala zambiri magazi asanabwere ku labu. Dokotala amafufuzanso mutu ngati pali bala kapena chotupa, pakuti munthu wodzandira angakhale anagwa n'kuchucha magazi mkati mwa chigaza, ndipo zimenezo n'zofunika sikani.

Magazi amayezedwa zinthu zingapo: mlingo wa mankhwalawo, mchere wa m'thupi popeza carbamazepine amatsitsa sodium, impso, chiwindi, ndi ammonia ngati ndi valproate. Kwa amene anamwa dala amayezanso paracetamol, uja wa mu Panado, ngakhale asanatchulidwe, chifukwa amawononga chiwindi mwakachetechete ndipo ali ndi mankhwala ake omusukulutsa ngati wapezeka msanga. Kwa amayi amayeza ngati ali oyembekezera. Ndiye pakapita maola angapo amabweranso kudzatenga magazi ena, kenaka enanso. Anthu amadandaula kuti akumaliza magazi a m'bale wawo. Nambala imodzi siinena ngati mankhwala akukwera kapena akutsika, ndipo dokotala sangatulutse munthu asanaone nambala zikutsika motsatizana ndiponso wodwalayo akuyenda bwino.

Mwa mankhwala onsewa palibe amene ali ndi jakisoni womusukulutsa nthawi imodzi. Chimene chilipo ndi makala achipatala. Awa ndi makala okonzedwa pamoto waukulu kwambiri mpaka kadontho kalikonse kamakhala ndi timabowo tosawerengeka tomwe mankhwala amakakamiramo. Amasungunula magalamu 50 m'madzi kwa munthu wamkulu, kapena galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi la mwana. Chimatuluka ndi chiphalaphala chakuda bii, chokhala ngati chili ndi mchenga, chimene chimadetsa mano ndi milomo, ndipo chimbudzi chimakhala chakuda masiku angapo. Amagwira bwino kwambiri akamwedwa mkati mwa ola loyamba, ngakhale pa mapiritsi ochedwa kusungunuka dokotala angathe kuwapereka nthawi itapitako. Munthu wosinza sapatsidwa pakamwa. Amayamba ateteza njira ya mpweya, kenaka makalawo amadzera m'kachubu ka m'mphuno kopita m'mimba.

Pa carbamazepine ndi phenobarbitone makala amaperekedwa mobwereza, maola angapo alionse. Mankhwala amene analowa kale m'magazi amabwereranso m'matumbo, ena kudzera mu ndulu, ena kudutsa m'zipupa za matumbo momwemo. Akapezamo makala amagwidwa n'kutuluka ndi chimbudzi m'malo moyamwidwanso. Mu 1999 mabungwe a akatswiri a poizoni a ku America ndi ku Ulaya anatchula mankhwala asanu okha amene njirayi ili ndi umboni wokwanira, ndipo awiriwa ali m'gululo pamodzi ndi quinine, dapsone ndi theophylline. Koma popeza carbamazepine amaimitsa matumbo, namwino amayamba wamvetsera m'mimba asanapereke ena, chifukwa makala olowa m'matumbo osayenda amatha kutseka njira kapena kubwerera kukhosi.

Wodwala akayamba kuphupha, amamubaya diazepam, midazolam kapena lorazepam. Phenytoin, amene masiku onse ndi wothandiza pa kuphupha kosalekeza, amapewedwa ngati choyambitsa ndi carbamazepine kapena lamotrigine, pakuti amatseka timipata tomwe tija n'kuwonjezera vuto. Ichi ndi chifukwa chinanso chimene dzina la mankhwala liyenera kudziwika. ECG ikaonetsa kuti magetsi a mtima akuchedwa, amapereka sodium bicarbonate m'mtsempha. Pa valproate, ammonia akakwera kapena munthu akakomoka kwambiri, amapereka L-carnitine, chinthu chimene thupi limafuna pophwanya mafuta ndipo valproate amachitha.

Zikafika povuta pali makina osefa magazi, omwe aja amathandiza odwala impso. Gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana lotchedwa EXTRIP linaunika nkhaniyi ndi kutulutsa malangizo a carbamazepine ndi phenobarbitone mu 2014, ndi a valproate mu 2015. Pa carbamazepine amalimbikitsa kusefa ngati kuphupha kukukana mankhwala kapena mtima wasokonezeka moika moyo pachiswe. Pa valproate amatero mlingo ukapitirira mamiligalamu 1,300 pa lita, ubongo ukatupa kapena BP ikagwa osadzukanso. Makinawa amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, motero wodwala amene anayambira ku kiliniki kapena kuchipatala chaching'ono angathe kutumizidwa kwina, ndipo achibale asadabwe nazo.

Tsopano za mapepala, chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene zimagoneka anthu m'zipinda mpaka kucha. Gawo 27(3) la malamulo aakulu a dziko la South Africa a 1996 limaletsa kukaniza munthu aliyense thandizo lachipatala ladzidzidzi, ndipo gawo 5 la National Health Act ya 2003 limabwereza zomwezo kwa ogwira ntchito zachipatala ndi zipatala zonse. Lamuloli silisankha nzika kapena mlendo, wa pemiti kapena wopanda. Bilu ingathe kubwera pambuyo, ndipo n'zoona kuti alendo ena akumanapo ndi mawu opweteka ndi anthu owatsekereza pazipata za zipatala. Mantha amenewo sindikuwapeputsa. Koma munthu amene wamwa mankhwalawa alibe nthawi yodikira kuti zinthu zikhale bwino, ndipo ndi bwino kupita awiri kapena atatu, mmodzi wolankhula bwino Chingerezi, n'kulunjika ku casualty.

Vuto lina limabwera wodwala akangotsegula maso. Ganyu ikudikira, lendi yayandikira, abwana akuimba foni, ndiye amapempha fomu ya RHT, ija munthu amasaina kuti akutuluka mosemphana ndi malangizo a dokotala. Pa carbamazepine ndi valproate, kudzuka koyamba sikutsimikizira kanthu. Amene mukumudikirira, mugwireni dzanja mumuuze kuti, "Achemwali, ntchito tikakupepeserani ife, inu khalani kaye mpaka adokotala anene." Ngati pali wina woti akakambirane ndi abwana, atumidwe, ndipo chipatala chimapereka kalata yosonyeza kuti munthu anagonekedwa.

Amene anamwa dala amaonedwanso ndi dokotala wa maganizo kapena wothandiza pa za umoyo wa m'banja asanatuluke. Anthu odwala khunyu amavutika maganizo kawirikawiri kuposa anthu ena, ndipo moyo wa kuno, wa kusowa ntchito, ngongole, kusungulumwa ndi mafoni ochokera kumudzi opempha ndalama, umawonjezera katundu. Kumukalipira kapena kumuchititsa manyazi pagulu la mpingo kumangomuphunzitsa kubisa ulendo wina. Amafunika womumvetsera, ndipo kwa kanthawi mankhwala ake asungidwe ndi munthu wina wodalirika amene azimupatsa a tsiku limenelo okha. Bungwe la SADAG lili ndi nambala yaulere ya anthu amene akuganiza zodzipha, 0800 567 567.

Chotsala ndi khunyu ija, imene ikadalipo. Ena akatuluka m'chipatala amawaopa mapiritsi n'kuwataya, koma kusiya mankhwala a khunyu mwadzidzidzi, makamaka phenobarbitone, kungayambitse kuphupha kotsatizana kosalekeza, komwe nakonso kumapha. Dokotala amadikira kuti mlingo wa m'magazi utsikire pochiza, kenaka amayambitsanso mankhwala, nthawi zina pa mlingo wocheperako, nthawi zina kusintha n'kupereka ena osalimbana ndi mankhwala a TB kapena ma ARV. Musanachoke pawodi funsani tsiku loyambira kumwa, kuchuluka kwake, ndi tsiku lobwera kudzayezetsanso magazi, ndipo zilembedwe pakhadi. Mapiritsi onse otsala kunyumba, a kumudzi ndi a kuno omwe, atengereni kwa wa ku famase ya chipatalacho akuuzeni amene ali ofanana ndi amene muyenera kusiya.